Tsiku lomaliza ntchito lisamakhale lolota

Amene timayenda pakati pa Limbe ndi Blantyre timachidziwa chikwangwani cha ntchito yachitukuko: dzina la kontrakitala, tsiku loyamba, tsiku lomaliza. Tsiku lomalizalo limafika n'kudutsa, chikwangwani n'kuchita dzimbiri ntchito isanathe. Mu 2019 matimu a Bullets ndi Wanderers analonjezedwa mabwalo awoawo muno mu Blantyre, zaka n'kudutsa masewero akuchitikirabe pa Kamuzu Stadium. Ku Mzimba mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera unaikidwa mu 2015, anthu n'kudikira mpaka kutopa.

Komatu kuchedwa kumaoneka kusanachitike. Mapulogalamu a pakompyuta monga Microsoft Project ndi Primavera P6 amalumikiza ntchito zonse n'kuonetsa mndandanda wa zija zoti imodzi ikachedwa, tsiku lomaliza nalo lasuntha. Ku America, nthambi ya boma ya DCMA ili ndi mfundo 14 zoyezera ngati ndondomeko ya ntchito ili yodalirika. Mwa zina, imafufuza ntchito zosalumikizidwa ku inzake, komanso zotenga masiku ogwira ntchito opitirira 44, chifukwa m'ntchito yaitali chotero kuchedwa kumabisala. Njira ina, ya Monte Carlo, imayeseza ndondomekoyo kambirimbiri, ulendo uliwonse ndi zovuta zosiyana, kenako n'kunena kuti mwayi womaliza pa tsiku lolonjezedwa ndi waukulu bwanji.

Ena anena kuti vuto lathu ndi ndalama, kompyuta singagule simenti. Akunena zoona. Komanso pulogalamu ukaipatsa bodza imakubwezera bodza lomwelo litakonzedwa bwino. Koma zimene zimaimitsa ntchito kuno n'zodziwika kale. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Namondwe Freddy anagumula misewu ndi milatho mu Malichi 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zipangizo zochokera kunja n'kukwera mtengo. Mafuta amasowa, malipiro a makontrakitala amachedwa. Ndondomeko yosawerengera zimenezi inalembedwa pongofuna kupata ntchito basi.

Ndiye pempho langa ndi ili: ntchito iliyonse yolipiridwa ndi misonkho yathu izikhala ndi ndondomeko yoyezedwa motere, ndipo zotsatira zake zizitulutsidwa poyera mwezi ndi mwezi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho tili ndi poyambira kufunsa.

Anzanga, izi tisawasiyire a uinjiniya a ku MUBAS okha. ProjectLibre ndi yaulere, ndipo aliyense wa laputopu angaphunzire kuwerenga ndondomeko ya ntchito. Mtolankhani, khansala kapena wa bungwe amene wadziwa zimenezi angafunse nduna kuti ndi ntchito iti yachedwa, ndi masiku angati, ndipo wachedwetsa ndani.