Ndalama za ganyu ndi nkhope ya Chilembwe

Tchuthi chapitachi, mayi anandipatsa K8,000 kuti ndikapereke kwa agogo ena amene anatipalirira chimanga kwathu ku Chiradzulu. Ndinawapatsa theka. Zotsalazo ndinagulira bandulo, ati ndimalize asayimenti. Atabwera madzulo ndinawauza kuti, “Pepani agogo, mubwere Lachisanu.” Anangoti, “Chabwino mwanawe,” n’kubwerera. Lachisanulo linasanduka la sabata inayo.

Ine ndine wa felloshipu. Mowa sindilawa, ndipo ku hositelo amandinena kuti abusa. Machimo amene timachenjezana pa kampasi ndimawadziwa pamtima: chiwerewere, kuledzera, kubera mayeso, kubetcha. Koma masiku onse aja mtima sunanditsutse ngakhale pang’ono, chifukwa kuchedwetsa ndalama za waganyu sikuli pa mndandanda wathuwo.

M’Baibulo mulimo. Levitiko 19:13 imaletsa kugona ndi malipiro a munthu amene wakugwirira ntchito. Deuteronomo 24:14-15 imapereka chifukwa chake: munthuyo ndi wosauka, chakudya chake cha lero chili m’thumba mwako, ndipo akadandaula kwa Mulungu mlandu ndi wako. Yakobo 5:4 amachita kutchula antchito a m’munda enieni. Mavesi amenewa sindinawamvepo pa mapemphero athu a usiku.

Manyazi anandigwira tsiku lopereka zotsalazo. Anali mapepala awiri a K2,000, ndipo pa onse awiri panali nkhope ya John Chilembwe, amene atabwerako ku Virginia anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m’boma lathu lomweli, mu 1900. Iyenso ankaphunzitsa anthu ake ukhondo, khama pa ntchito ndi kupewa mowa. Akanathera pomwepo, bwenzi atsamunda akumuyamikira. Koma ankaona zimene zinkachitika pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pamalopo. Masiku a ntchito ankawonjezeredwa, malipiro ankaperewera, chikoti chinkalira, ndipo matchalitchi amene anthu a Chilembwe ankamanga pa esitetiyo ankatenthedwa. Iye ankaona kuti limeneli ndi tchimo, osati ndale chabe.

Zimene zinatsatira sindingazikometse. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone, woyang’anira esitetiyo, n’kumudula mutu, ndipo mawa lake Lamulungu Chilembwe analalikira mutuwo uli poonekera. Patapita masiku ochepa anatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Ndikawerenga Aroma 12:19, kapena mmene Yesu analetsera Petro kugwiritsa lupanga, ndimalephera kuzitcha zimenezi chilungamo, ngakhale ndikumvetsa chimene chinamufikitsa pamenepo. Iye anaphedwa pa 3 February, tchalitchi chake chachikulu chinagwetsedwa, ndipo PIM inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu.

M’kalasi ya mbiri timatha ola lonse tikukangana ngati anachita bwino kunyamula zida. Mkanganowu umatikomera chifukwa sutikhudza: palibe wa ife amene akuganiza zodula munthu mutu. Koma mbali ya malipiro ija ndi yathu. Wakabaza timamuuza kuti tikutumizira pa foni, osatumiza. Mayi wochapa zovala timamuzemba mwezi ukatha. Zaka zochepa zikubwerazi ena a ife tidzakhala ndi mtsikana wantchito ndi mlonda pageti, ndipo tidzawachita zimene tikuphunzira lerozi, chakhumi tikupereka mokhulupirika.

Nditadzifunsa chifukwa chimene ndinagwirira ndalama zija, ndinapeza kuti anali mantha otsala opanda kanthu. Kukhulupirira Mulungu ndinkakutenga ngati kupempherera mayeso ndi ngongole ya fizi. Sindinaganizepo kuti kungatanthauze kupereka za mwini wake lero, osadziwa kuti bandulo ya mawa ichokera kuti.

Agogo aja anawerenga ndalamazo kawiri, n’kuzimanga pa nsonga ya chitenje. Nditayamba kupepesa anandidula, nati anabwereka ufa kwa mnzawo ndipo akabweza lero lomwe. Kenako anafunsa ngati mayi adzawafunenso nthawi yobandira.