MPHUNZI NALONSO NDI SUKULU

Tsiku lina tili paulendo wokaona mapanga a ku Mphunzi ndidachita manyazi. Mkulu amene adatiperekeza adatifunsa kuti, "Kodi ana inu mukudziwa amene adajambula zithunzi izi?" Tonse tidangoti duu, ife amene timaloweza maina a mitsinje ya ku Ulaya. Nchifukwa chake ndikuti m'seminale amene sadziwa mbiri ndi anthu a kunja kwa mpanda, maphunziro ake ngopereŵera.

Tiyambe ndi miyala. Zithunzi zofiira zija adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene adali kuno Achewa asanafike. Zoyera adajambula ndi makolo athu Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Mphunzi ndi gawo la dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zithunzi zotere. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma pathanthwe lina ndidaona maina olembedwa ndi makala pafupi ndi zithunzizo. Ndani adalemba? Si agogo osadziwa cholembera ayi. Ndi ife ana a sukulu.

Kachiwiri, sukulu. Mishoni ya Mphunzi adayamba ndi amishoni a Dutch Reformed Church m'chaka cha 1903, ndipo lero ili m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Ena mwa ife amanyinyirika akamva zimenezi, ngati kuti mbiri ya mpingo wina si yathu. Koma kodi agogo angati a dera lino adaphunzira a, e, i, o, u m'sukulu za mishoniyo? Ife timanyadira Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wachimalaŵi ndiponso episkopi woyamba wa Dedza. Tinyadire ndithu, komabe tivomerenso kuti munda wa maphunziro kuno sitidalime tokha.

Kachitatu, amalonda. Mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi zimene timadya sizigwa kumwamba. Pali mayi wa zitumbuwa, pali wachigayo, telala ndi bambo wosoka nsapato zathu. Sukulu zikatsekera malonda awo amazilala, zikatsegulira amapumako. Ndiulule: ine ndidatenga sopo pangongole pa okala ina, nkupita kutchuthi osalipira. Nditabwera, mwini wake adangoti, "Abambo a mawa, mwatiiwala?" Mau amenewo adandilasa kuposa chilango chilichonse. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Wina anena kuti tidabwera kudzaphunzira, osati kudzayendayenda m'midzi. Nzoona, malamulo a panyumba pano ali ndi chifukwa chake, ndipo sindikupempha kuti mpanda ugwe. Ndikupempha zinthu zitatu zokha. Abambo aphunzitsi athu, tiloleni chaka chilichonse tikaone Mphunzi limodzi ndi mphunzitsi wa mbiri. Makolo, mukabwera kudzationa gulani kwa amalonda a pompano, ndipo tifunseni ngati tili ndi ngongole. Anzanga, makala tisiye kukhitchini.

Ena mwa ife adzakhala ansembe, ena ayi. Koma tonse tidzaima pamaso pa anthu ngati ameneŵa, ndipo adzakumbukira ngati tidawapatsa moni ndi kubweza ngongole zawo.