Manyowa abwerere m'munda, koma pasakhale phuma

M'chaka cha 2020, pomwe boma limakhazikitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, mlimi yemwe dzina lake latuluka amagula thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4 495, pomwe m'sitolo thumba lomwelo lidali cha m'ma K20 000. Pofika 2024 mtengo wa m'sitolo udali utadutsa K100 000. Zifukwa zake n'zodziwika: nkhondo ya Russia ndi Ukraine yomwe idabuka mu February 2022, kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May chaka chomwecho, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Feteleza wa m'dziko muno amachita kuitanitsa kunja kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likusowa.

Zotsatira zake zikuonekera kuseri kwa nyumba. Nkhuti ndi maenje a kompositi zachuluka, zitosi za nkhuku zomwe kale zimangotayidwa kudzala lero zimagulitsidwa pathumba, ndipo mwini khola la ng'ombe wasanduka munthu wopatsidwa moni mwaulemu. Mabungwe ena akuwomba m'manja ponena kuti ulimi wosagwiritsa ntchito feteleza ndi mankhwala a m'sitolo, womwe pachingerezi amati organic, ukukula m'Malawi. Zoona zake n'zoti alimi ambiri sadasankhe ulimiwu. Umphawi ndiwo wawasankhira.

Apa mpofunika kusiyanitsa anthu atatu omwe kawirikawiri amaikidwa m'thumba limodzi. Pali mlimi yemwe wabzala chimanga osathira kanthu kalikonse kaamba kosowa ndalama; ameneyu akungoguga nayo nthaka ndipo nkhokwe yake imatha Khirisimasi isadafike. Pali wina yemwe amadyetsa nthaka yake manyowa, amakwirira mapesi, amachita kasinthasintha wa mbewu ndi kubzala mitengo ya nthaka. Wachitatu ndi uja ali ndi chiphaso chotsimikiza kuti mbewu zake n'za organic, chomwe chimamulola kugulitsa ku Ulaya pa mtengo wokwererapo. Woyambayo ndiye wachuluka m'dziko muno, wachiwiri akuwonjezeka, pomwe wachitatu ngosowa.

Kusowa kwake n'komveka. Malamulo a maiko a ku Ulaya amafuna kuti munda ukhale zaka ziwiri osalawa feteleza kapena mankhwala ngati mumalimidwa mbewu za pachaka, ndi zaka zitatu ngati muli mitengo monga khofi, mbewu zake zisadalandire dzinalo. M'zaka zimenezi zokolola zimatsika koma mtengo sukwera. Mlimi amayenera kulemba zonse zomwe wachita m'munda, ndipo chaka ndi chaka kumabwera woyendera yemwe amalipidwa ndi madola. Mlimi wa ekala imodzi sangazithe yekha.

Dziko la Uganda lidapeza njira yake. Kumeneko alimi ang'onoang'ono oposa 200 000 ali ndi chiphasochi, koma amachitenga ngati gulu, kudzera m'makopaletivu ndi makampani ogula khofi, koko, chitowe, thonje ndi zinanazi. Ali ndi bungwe lawo lotchedwa NOGAMU, ndipo mu 2019 boma lawo lidavomereza ndondomeko yapadera ya ulimi wa mtunduwu. Chofunika kuchiona pa nkhani ya Uganda n'choti mbewu zomwe zidapita patsogolo n'zomwe wogula adali atadziwika kale. Msika ndiwo udayamba, chiphaso chidachita kutsatira.

Kwa iwo omwe akufuna kuti Malawi atayiretu feteleza, masamu ake ndi awa. Thumba limodzi la urea lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, chakudya chomwe chimanga chimalira kwambiri. Ndowe za ng'ombe zimakhala ndi pafupifupi kilogalamu imodzi yokha ya nayitirojeni pa makilogalamu 100 aliwonse, mwinanso kucheperapo ngati zakhala padzuwa ndi pamvula. Ndiye kuti pofuna kufanana ndi thumba limodzi lija pamafunika manyowa oposa matani awiri, omwe ndi matumba 40 kapena kuposerapo. Mabanja ambiri alibe ng'ombe ngakhale imodzi. Alibenso ngolo, ndipo amene amasenza manyowawo pamutu ndi ndowa kupita kumunda wa kutsidya la dambo nthawi zambiri ndi mayi, yemwe akuyembekezekanso kutunga madzi ndi kupita kuchigayo. Olankhula za manyowa m'mahotela amaiwala khosi la mayiyu.

Dziko la Sri Lanka lidayesa kudumpha masamuwa. Mu April 2021 mtsogoleri wa dzikolo Gotabaya Rajapaksa adaletsa kuitanitsa feteleza wa kufakitale, n'kulamula kuti dziko lonse lilowe ulimi wa organic nthawi imodzi. Alimi sadaphunzitsidwe, manyowa okwanira padalibe. Zokolola za mpunga ndi tiyi zidagwa, dziko lomwe limadzidyetsa lokha mpunga lidayamba kugula kunja, ndipo pofika November chaka chomwecho boma lidayamba kubweza lamulolo. Mavuto a zachuma a dzikolo adali ndi magwero ambiri, koma njala idathira mafuta pamoto, ndipo mu July 2022 Rajapaksa adathawa m'dzikomo anthu atathyola chipata cha nyumba yake yachifumu. Chigawo cha Sikkim ku India chidayenda ulendo womwewo koma mwachifatse: chidayamba mu 2003, n'kumachepetsa feteleza pang'onopang'ono, mpaka kudzalengezedwa kuti chonse n'cha organic mu 2016. Zidatenga zaka 13, pa chigawo chaching'ono chomwe chimadalirabe chakudya chochokera kuzigawo zina.

Izi sizikutanthauza kuti njira yomwe Malawi wakhala akuyenda njabwino. Kuyambira mu 2005, pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likuthera pa feteleza. Zaka zoyambirira chimanga chidachuluka ndipo dziko lidatamandidwa. Koma mlimi aliyense wa ku Dedza kapena Kasungu anena yekha kuti munda womwe kale umabereka ndi thumba limodzi lero umafuna awiri. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, sabwezeretsa chonde. Nthaka yomwe yalimidwa chimanga chokhachokha zaka 30, mapesi ake n'kumaotchedwa ndi anyamata osaka mbewa, imauma gwa, imasiya kusunga madzi, ndipo ngakhale feteleza yemwe wathiridwayo ambiri amangokokoloka. Ng'amba ya 2024, yomwe idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, idakumbutsa anthu kuti chinyezi chimakhalitsa m'munda wa manyowa ndi wophimbira kusiyana ndi m'munda wa dothi lopanda kanthu.

Chosangalatsa n'choti nzeru zokonzera vutoli sizikuchita kuchokera kutali. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities idayamba m'chaka cha 2000 kulimbikitsa alimi kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya, n'kukwirira masangwi ake, chaka chotsatira n'kubzalapo chimanga. Mbewu za mtundu wa nyembazi zimakoka nayitirojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka, ndipo ana amapezerapo ndiwo ndi nsinjiro. Mtengo wa msangu, womwe umayoyola masamba nthawi ya mvula mitengo ina ikuphukira, makolo adaudziwa kale kuti pansi pake chimanga chimanenepa. Gilisidiya ndi ombwe nazo zayesedwa kwa zaka zambiri ndi akatswiri a zakafukufuku m'dziko muno.

Palinso manyowa a Mbeya, omwe afala kwambiri m'zaka zaposachedwa. Mlimi amasakaniza ndowe, gaga, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu, motero thumba limodzi logula limafalikira malo okulirapo. Woyendera wa ku Ulaya sangawavomereze kaamba ka feteleza ali m'katimo, koma mlimi wa ku Mponela sakufuna chidindo, akufuna nsima. Njira yophatikiza yotereyi ndiyo ikuoneka kuti ili ndi tsogolo kwa anthu ambiri. Chofunika n'choti akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda anene momveka muyezo woyenera, chifukwa pakadalipano mudzi uliwonse uli ndi kasakanizidwe kake, ndipo ena akungothira phulusa lambiri n'kumadabwa chimanga chikachita chikasu.

Zotchinga zina sizifuna ndalama za mabungwe, zimafuna mafumu. Nandolo amakhwima mochedwa, nthawi yomwe mbuzi ndi ng'ombe zamasulidwa kale, ndipo mlimi yemwe nandolo wake wadyedwa kawiri sabzalanso. Moto wa osaka mbewa umatha m'ola limodzi mapesi omwe akadaphimba munda chaka chonse. Midzi yomwe idakhazikitsa malamulo pa ziweto ndi moto, ndi chindapusa chake, ndiyo ingapindule. Msika nawo umapweteka. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo udagwa mpaka alimi a ku Mulanje, Zomba ndi Balaka kusowa kolowera, ndipo ena adazula mbewuyo. Kuuza munthu kuti abzale nandolo kaamba ka nthaka chabe, osamuuza kokagulitsa, n'kumuseweretsa.

Mabanja a m'matauni ang'onoang'ono nkhaniyi ikuwakhudza pambale. Tomato wokhala ndi zoyerayera za mankhwala pakhungu amapezeka pamsika uliwonse, ndipo wogula alibe njira yodziwira ngati mlimi adadikira masiku oyenera atapopera. Mayi yemwe walima mpiru wake ndi manyowa, n'kumathamangitsa tizilombo ndi nimu kapena tsabola, amagulitsa mulu pa mtengo womwewo ndi mnzake wopopera dzulo. Palibe chomulimbikitsa. Maiko a kum'mawa kwa Africa adagwirizana mu 2007 za muyezo wawo ndi chizindikiro chotchedwa Kilimo Hai, chomwe magulu a alimi oyenderana okhaokha amatha kugwiritsa ntchito pamsika wa m'dziko mwawo popanda kulipira madola. A Malawi Bureau of Standards ndi unduna wa zamalimidwe akhoza kuphunzirapo. Komanso ogula asapusitsidwe ndi dzina: mtedza wolimidwa popanda mankhwala ukhoza kukhala ndi chuku ngati sudaume bwino, ndipo ndowe zosapsa zothiridwa pa masamba zimabweretsa matenda otsegula m'mimba.

Makhonsolo nawo ali ndi mlandu. Kuseri kwa misika yambiri kuli milu ya makoko a nthochi, masamba ovunda a kabichi ndi zotsalira za nzimbe, zomwe zimangonunkha ndi kuitana ntchentche, chonsecho mavenda amadula chiphaso tsiku ndi tsiku. Zinyalala zimenezi, atazipatula ku mapepala a pulasitiki, ndi kompositi yemwe alimi a m'madimba ozungulira tauniyo angagule, ndipo ndi ntchito kwa achinyamata omwe akungokhala pa siteji.

Chaka chilichonse unduna umachita mwambo wokhazikitsa nyengo yopanga manyowa. Akuluakulu amafika ndi magalimoto, amagwira fosholo kamphindi, amajambulidwa, n'kubwerera. Mlangizi yemwe watsala m'deralo ali ndi mabanja oposa 1 000 oti awayendere, nthawi zina pa njinga yakapalasa. Atsogoleri a maiko a mu Africa adasainirana ku Nairobi mu May 2024 kuti feteleza ayendere limodzi ndi kusamalira nthaka. Aphungu akamadzakambirana bajeti, afunse nduna ya zamalimidwe kuti pa K100 iliyonse yopita ku feteleza wotsika mtengo, ndi ndalama zingati zomwe zaikidwa padera kuti zigule mbewu ya nandolo ndi soya, mbuzi zopatsirana, ngolo za magulu a alimi, ndi kulemba alangizi atsopano. Yankho lake lilembedwe m'buku la bajeti, ndi manambala ake.