Bodza la Zitsamba Likupha Odwala Shuga

M'misika ndi m'mabasi mwabuka anthu odyera anzawo masuku pamutu. Anthuwa akugulitsa ufa wa chammwamba, masamba a nimu ndi madzi a m'mabotolo opanda dzina, nalalika kuti zimenezi zimachiziratu matenda a shuga. Choipitsitsa n'chakuti ena akuuza odwala kuti ataye mapiritsi ndi jakisoni wa kuchipatala. Limeneli ndi bodza lakupha, ndipo liyenera kutsutsidwa poyera.

Palibe akunyoza zomera. Mankhwala a metformin, amene odwala shuga ambiri amalandira m'zipatala, gwero lake ndi kafukufuku wa chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Koma chomeracho pachokha chili ndi poizoni wopha ngakhale nkhosa. Akatswiri anachivutikira zaka zambiri, kufikira mu 1957 pamene dokotala Jean Sterne wa ku France anaonetsa kuti metformin imathandiza odwala. Lero mlingo wake ndi wodziwika. Nanga wogulitsa ufa m'basi amadziwa mlingo uti? Magazi a wodwala amawayeza ndi chiyani? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali odwala ena, makamaka ana, amene thupi lawo silipanganso insulin. Jakisoni wa insulin asanayambe kuperekedwa ku Toronto mu 1922, ana otere sankakhalitsa ndi moyo. Palibe tsamba kapena muzu umene ungalowe m'malo mwake. Wouza mayi kuti aleke kubayitsa mwana wake akukumba manda a mwanayo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Wodwala akasiya mankhwala, shuga amaononga maso, impso ndi mitsempha mwakachetechete, ndipo chilonda chaching'ono cha kuphazi chimatha kudulitsa mwendo. Apo n'kuti wogulitsa uja atathawa kale ndi ndalama.

Chammwamba ndi ndiwo yabwino, wodwala adye pamodzi ndi nyemba ndi masamba ena, achepetse zotsekemera, agwire ntchito zolimbitsa thupi, koma mankhwala asaleke. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ligwire ntchito yake mosanyengerera. Mafumu, atsogoleri a Chipani m'madera ndi ogwira ntchito m'Boma alankhule za bodzali pa misonkhano yawo, ndipo amene ali ndi mbale wodwala shuga amuperekeze kuchipatala tsiku lake likakwana.