Chaja ya m'boti: osaiwala fyuzi

Pa holide yapitayi ndinali ku Monkey Bay kwa alamu anga. Ali ndi boti la injini, ndipo nyale zimene amaphera usipa usiku zimayaka ndi batire ya mavoti 12. Atatopa n'kusenza batire kupita nayo kotchajitsa, anagula chaja yomangirira m'boti momwemo, yoti akakocheza azingolumikiza ku magetsi. Ndinawapeza atakoka kale waya wofiira kuchoka pa chaja kukafika pa batire, koma popanda fyuzi. Nditafunsa anati, "Alamu, kafyuziko n'kongothera ndalama."

Ine ndikuti pa zipangizo zonsezi, kafyuziko ndiye kofunika kwambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Chaja imatenga magetsi a AC a mavoti 230 n'kuwasandutsa DC ya mavoti pafupifupi 14, opitirira pang'ono a batire, kuti current ilowe m'batiremo. Ya alamuwo imatulutsa 10 A basi. Ndiye choopsa kwenikweni pa waya wofiira uja si chaja ayi, koma batire.

Boti silikhala phee. Injini imanjenjemera, mafunde amalimenya, waya n'kumakhuzika mpaka pulasitiki yake kusupuka. Tsiku lina wofiira akhudzana ndi wakuda. Tiyerekeze kuti resistance ya njira yachiduleyi ndi 0.02 Ω. Lamulo la Ohm lija, I = V/R, likutipatsa 12 ÷ 0.02 = 600 A. Kumeneku n'kuchulukitsa 10 A ka 60. Tsono poti kutentha kumayendera I²R, waya yemweyo atulutsa kutentha kochuluka ka 3,600. Amafiira ngati khala musanamalize n'kukuwa komwe.

Onjezerani apo kuti mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umadikha pansi pa boti. Batire ya asidi nayonso ikamatchajidwa imatulutsa hydrogen, amene sachedwa kuyaka. M'nyumba moto ukabuka mumathawira panja. Nanga pakati pa nyanja usiku muthawira kuti?

Ena amati akhala zaka popanda fyuzi ndipo palibe chachitika. N'zoona, fyuzi ikhoza kukhala zaka osadukapo. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi, ndipo tsikulo silipereka chenjezo.

Tinachita izi. Tinayamba tachotsa waya wakuda pa batire. Pa waya wofiira tinaika fyuzi ya 15 A, pasanathe masentimita 18 kuchoka pa batire, kuti mbali yosatetezedwa ikhale yaifupi. Chaja tinaimangirira pamalo ouma, opita mphepo, osati pamwamba penipeni pa batire. Alamu anang'ung'udza, koma ndalama yake sinafike n'komwe pa mtengo wa chigubu cha petulo.

Inu amene kwanu kuli boti kapena sola, lero mukaweruka katsatireni waya wofiira ndi maso, osagwira, kuyambira pa batire. Mukapanda kuona fyuzi, auzeni akuluakulu mwaulemu, ndipo muwawerengere samu ija.