Padi ikayamba kuyenda yokha, musakalipire ana

Eni mashopu a magemu pa Lirangwe ndi ku Chileka ali ndi dandaulo limodzi losatha: padi yayamba kuyenda yokha. Mnyamata walipira, wasankha timu yake pa FIFA, chala sanaike n'komwe pa kandodo, koma wosewera wake akuthamangira yekha kumanzere mpaka mpira kutuluka. Mkangano umabuka pomwepo. Mwana akuti mundibwezere ndalama yanga, mwini shopu akuti ana inu ndinu owononga. Ine ndili kumbali ya anawo. Vutoli gwero lake lili m'kati mwa padi, ndipo linachokera kufakitale.

Tsiku lina ndinaima pakhonde la sitolo kuonerera mnyamata wokonza mafoni akutsegula padi ya PS4. Atamasula timasikuluwu tinayi takumbuyo, panaoneka kabatire kakang'ono, pansi pake bolodi. M'zogwirira ziwiri zija muli timamota tiwiri, kalikonse kali ndi chitsulo cholemera mbali imodzi, ndipo tikamazungulira ndiye kunjenjemera kuja kumene timamva m'manja chigoli chikalowa. Pansi pa mabatani pali labala wokhala ndi timadontho takuda. Ukadina, kadontho kamagunda timizere ta magetsi, uthenga n'kupita. Zonsezi zimapirira zaka.

Chosapirira chili pansi pa kandodo. Pamenepo pali kabokosi kachitsulo kosaposa chala chachikulu, ndipo m'mbali mwake mwamatidwa tizipangizo tiwiri totchedwa potentiometer, kena koyeza kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo. Amene anakula ndi wailesi zakale amakadziwa: n'chimodzimodzi kopotokola kokwezera mawu kaja, kamene kakakalamba kamachititsa wailesi kulira kwekwerere. M'kati mwake muli kanjira kakuda ka kaboni ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamakhula kanjirako kandodo kakasuntha. Mphamvu ya magetsi imasintha malinga ndi pamene kachitsulo kafika, ndipo makina amawerenga kusinthako. Tsono chokhulana chimaperepeseka. Mnyamata uja atakanganula kamodzi anandionetsa kanjirako: pakati panali patayera, m'mphepete muli tizinyenyeswa takuda tosakanikirana ndi fumbi. Zikatero makina amalandira uthenga woti ndodo yapendekeka pamene ili chilili.

Tizipangizoti timapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Alps, ndipo timapezeka m'mapadi a PlayStation ndi a Xbox omwe. Kampaniyo imati kamodzi kamapirira kusuntha ka 2 miliyoni. M'chaka cha 2021 akatswiri okonza zipangizo a iFixit ku America anawerengetsa kuti munthu wosewera mwamphamvu akhoza kufika pamenepo m'maola ongopitirira pang'ono 400. Kwa mwana wa ku London wosewera ola limodzi akaweruka kusukulu, chimenecho n'choposa chaka chathunthu. Koma padi ya m'shopu ya pa Lirangwe, yosinthana manja maola 8 pa tsiku, imakwanitsa maola amenewo m'masiku 50, miyezi iwiri yosakwana.

Chimene chimandiwawa n'chakuti njira yabwino ilipo, ndipo ndi yakale. Mu 1879 Edwin Hall anatulukira kuti maginito amasintha kayendedwe ka magetsi m'chitsulo popanda kuchikhudza. Ndodo yopangidwa mwa nzeru imeneyi ili ndi kamaginito ndi kachipangizo koyeza, palibe zokhulana. Sega inagwiritsa kale ntchito njirayi m'padi ya Dreamcast mu 1998. Koma makampani ena akuluakulu anasankha chotchipa. Mkulu wa Nintendo, a Shuntaro Furukawa, anachita kupepesa poyera mu 2020 chifukwa cha mavuto a mapadi awo a Joy-Con, ndipo Sony mu 2023 inatulutsa DualSense Edge, imene ndodo zake ungazule n'kuikapo zina, koma pamtengo wa madola 200. Mwini shopu wa ku Chileka amene PS4 yake anamutumizira mlamu wake wa ku Joni, ndalama imeneyo sangaione.

Nawo makina enieniwo ali ndi adani awo kuno. Mtima wa PS4, imene inatuluka mu 2013, ndi chipu imodzi ya kampani ya AMD yogwira ntchito ziwiri, kuwerengetsa za masewera ndi kujambula zithunzi. Chipuyo imatentha koopsa. Pamwamba pake amapakapo phala lotuwa losamutsira kutentha ku zitsulo zopyapyala zondandalikana, fani n'kumauzira mphepo pakati pa zitsulozo. Tsopano taganizani za Okutobala wa pa Lirangwe: kanyumba ka malata, zenera lotsekedwa ndi katoni kuti TV izioneka bwino, anyamata khumi ndi awiri atapanikizana pabenchi, kunja malole a pa M1 akutimbula fumbi. Fumbilo limaundana pa zitsulo zija mpaka mphepo kusowa podutsa, phala limauma, fani imayamba kulira mosalekeza, kenako makina amazima okha. Ena pofuna kuteteza makina awo amawafunditsa chitenje akuyaka. Cholinga n'chabwino, koma akutseka mabowo opumira. Fundikani mukazimitsa, osati akugwira ntchito. Ndipo musawaike pansi. Malo ofunda ndi amdima a m'bokosi la magetsi la m'makinawo mphemvu zimawakonda, zikalowamo zimaphulitsa zinthu.

PS5, ya mu Novembala 2020, ili ndi fani yaikulu ya mamilimita 120 ndi timabowo tiwiri pansi pa chivundikiro toti uzikokerapo fumbi. Apo anaganiza bwino. Koma amisiri athu achenjere: m'malo mwa phala muli chitsulo chamadzimadzi, chimene chimadutsa magetsi. Dontho limodzi likagwera pa bolodi, makina akhoza kuwonongeka.

Za magetsi sinditaya nthawi, tonse tikuzidziwa. Malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali pafupi pompano pa Shire, koma kuthimathima sikutisiya. PS4 imasunga magemu pa hadi disiki, kambale kozungulira mothamanga, ndipo magetsi akathima ikulemba, zosungidwa zimasokonekera. Akabwerera mwamphamvu, choyamba kupsa ndi bokosi la magetsi. Kachipangizo kaja timatetezera firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike, n'kotchipa kuposa bokosi limenelo.

Ndibwerere kwa amisiri, chifukwa ndiwo ndikuwadalira. Kusintha kabokosi ka ndodo si ntchito yamasewera: kali ndi miyendo 14 yowotchereredwa pa bolodi, ndipo uliwonse uyenera kusungunulidwa n'kuyeretsedwa popanda kusupula timizere ta kopa. Anyamata a m'makhonde a Lunzu, Lirangwe ndi Chileka amachita zovuta kuposa izi pa mafoni tsiku ndi tsiku, ambiri osapondako kalasi ya zaumisiri. Chimene akusowa ndi zipangizo zosinthira. Lero munthu akabweretsa padi yoyenda yokha, amangoithira sipiliti, imakhala bwino sabata imodzi, n'kuyambiranso, mwini wake n'kumati mmisiri wandibera.

Timabokosi ta ndodo ta maginito tolowa m'mapadi a PS4 ndi PS5 tilipo pamsika wa dziko lonse, topangidwa ndi makampani ang'onoang'ono a ku China. Amalonda a ku Limbe amene amaitanitsa masikirini ndi mabatire a mafoni ataika timeneti m'katundu wawo, katoni imodzi yaing'ono ingakwanire mashopu onse kuyambira ku Chileka mpaka pa Zalewa. Nawo a TEVETA, pophunzitsa achinyamata zokonza zipangizo zamagetsi, aikepo padi patebulo pambali pa foni ndi TV. Ikatha kuwotchereredwa, ndodo yatsopanoyo imafunika kuilumikiza ku kompyuta kuti aiphunzitse pamene pali pakati pake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa munthu amene anaonetsedwapo kamodzi.