Nyumba ya ku Area 44 ichotsedwe dzina la munthu

Chinyumba chomwe mtsogoleri wa dziko lino amakhalamo ku Area 44 mumzinda wa Lilongwe chili ndi zipinda pafupifupi 300, ndipo chidadya ndalama zoyandikira madola 100 miliyoni a ku America. Ndalamazo sizidatuluke m'thumba la Kamuzu Banda. Zinali za dziko, thukuta la mlimi amene ankasenza mtedza wake kupita nawo pasikelo ya ADMARC n'kubwerako ndi makobidi osakwanira ngakhale chitenje cha mkazi wake. Nanga n'chifukwa chiyani lero nyumbayo tikuitchula kuti Kamuzu Palace?

Kamuzu mwiniwake adagonamo masiku owerengeka. Mtima wake unali ku Sanjika, paphiri lija loyang'ana mzinda wa Blantyre. A Bakili Muluzi atapambana chisankho cha 1994 adakana kulowamo, nati nyumba yotere ndi chipongwe kwa anthu osauka, ndipo idasanduka Nyumba ya Malamulo. Kwa ine, zaka zimenezo ndi zokhazo zomwe chinyumbachi chidagwira ntchito yofanana ndi mtengo wake, pakuti aphungu a ku Chitipa, ku Nsanje ndi ku Mchinji ankakanganamo za bajeti ya tonsefe. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika adati nyumbayo adaimangira pulezidenti, choncho aphungu asamuke. Nyumba ya Malamulo idakhala yopanda pakepake mpaka 2010, pomwe dziko la China lidatsiriza kutimangira ina. Ndipo tisaiwale kuti mu 2005 atolankhani Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda adanjatidwa chifukwa cholemba kuti m'nyumbamo muli mizukwa.

Nthawi yonseyi inkatchedwa New State House, ndipo palibe adadwala nalo dzinali. La Kamuzu lidabwera mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda. Ndani adafunsidwa?

Vuto lathu ndi lakale. Aliyense akalowa m'boma amabwera ndi chitini chake cha penti. Boma la UDF lidafuta dzina la Kamuzu pabwalo la ndege la Lilongwe, pachipatala chachikulu ndi pabwalo la zamasewero ku Chichiri. A Bingu atangolowa adalibwezeretsa ponsepo. Msewu wa Midima udasanduka Robert Mugabe Highway mu 2006. Mu 2024 bwalo la ndege la Chileka lidapatsidwa dzina la a Muluzi. Zikwangwani zimasintha, zidindo zimasintha, boma limalipira. Koma mayi wa ku Mtandire akakwera minibasi mwana ali kumsana, thupi lili moto, amangouza kondakitala kuti "nditsika pa Central", monga ankanenera amayi ake.

Alipo amene adzati: Kamuzu ndiye adathyola chitaganya, ndiye adasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, ndiye adamanga nyumbayo. Zoona, ndipo dziko silidamumane ulemu. Ali ndi bwalo la ndege, chipatala, damu, sukulu ya ukachenjede, chiliza chomwe chidatsegulidwa mu 2006, nkhope pa K1,000, ndi tsiku lake pa 14 May chaka chilichonse. Amene akufuna kumulemekeza sasowa kopita.

Nyumba ya pulezidenti ndi nkhani ina. Kumeneko n'kumene nduna zimalumbirira, n'kumene akazembe a maiko ena amakapereka zikalata zawo, n'kumene mafumu ndi atsogoleri a mipingo amaitanidwa dziko likavuta. Mmalawi aliyense ayenera kulowa pachipata chimenecho mutu uli m'mwamba. Tsono taganizirani mdzukulu wa Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala kapena David Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza mu May 1983, atalandira kalata yomuitana ku nyumba ya boma, pamwamba pake patadindidwa dzina limeneli. Taganizirani abale a Orton Chirwa, yemwe adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, kapena onse amene adataya zaka zawo m'ndende ya Mikuyu popanda mlandu, kapena a Mboni za Yehova amene adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zikuyaka. Anthu amenewa nawonso amakhoma msonkho womwe umalipira magetsi a m'nyumbamo. Kuwauza kuti aiwale n'kuwapwetekanso kachiwiri.

Sindikupempha kuti pachotsedwe Kamuzu paikidwe Chilembwe, Chihana kapena wina aliyense. Tikatero, wobwera mawa adzafutanso. Nyumba zina za boma zimadziwika ndi malo ake: Zomba, Mzuzu, Sanjika, Chikoko Bay. Maboma abwera n'kupita, maina amenewa palibe wawakhudza, chifukwa phiri ndi gombe zilibe chipani. Ya ku Lilongwe itchedwe Nyumba ya Boma ya Lilongwe, basi.

Inu aphungu olemekezeka, amene anzanu adapitikitsidwa m'nyumbayi, bweretsani bilu yoti dzina la chinthu chilichonse cha boma lisamasinthe pamsonkhano wa ndale, koma lizidutsa m'manja mwanu anthu atafunsidwa. Ndipo muyambe ndi nyumba ya ku Area 44.